Kodi wopalamula amasankha yekha, kapena amabadwa choncho?

Wakuba akagwidwa pamsika, anthu amalankhula zambiri, koma mukatchera khutu mumapeza kuti zonse zikugwera mbali ziwiri. Ena amati, "Wachita dala ameneyu, alangidwe kuti anzake atengerepo phunziro." Ena amati, "Mukudabwa chiyani? Ndi za kumtundu, bambo ake analinso mbava." Oyambawo akunena kuti munthuyo ali ndi nzeru zake, anaganiza, anasankha. Achiwiriwo akunena kuti m'magazi mwake muli china chimene chinamutsogolera asanaganize n'komwe.

Maganizo awiriwa ndi amenenso anayala maziko a maphunziro a za upandu, amene m'mayunivesite amawatcha criminology. Onse awiri anaphukira ku Italy, ndipo eni ake onse anali ndi dzina loti Cesare. Woyamba ndi Cesare Beccaria, amene analemba mu 1764. Wachiwiri ndi Cesare Lombroso, amene analemba mu 1876. Mkangano wawo sunathere m'mabuku. Unalowa m'malamulo, m'makhoti, m'ndende, ndipo pena unalowa m'zipatala momwe anthu anawachita maopaleshoni asakufuna.

Dziko limene Beccaria analipeza

Kuti timvetse Beccaria tiyenera kuona kaye mmene milandu inkayendera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700. Mu 1757, Robert-François Damiens anabaya Mfumu Louis XV ya France ndi kampeni, n'kuivulaza pang'ono chabe. Anamuzunza pagulu mumzinda wa Paris, kumuwotcha ndi zitsulo zamoto, kenako kumumangirira ku akavalo kuti amukhadzule. Mu 1762 ku Toulouse, wamalonda wina wa Chipulotesitanti, Jean Calas, anaimbidwa mlandu wopha mwana wake pofuna kumuletsa kulowa Chikatolika. Anamuthyola mafupa pagudumu mpaka kufa, iye akukanabe. Patatha zaka zitatu, wolemba mabuku wotchuka wa ku France, Voltaire, atalimbana nayo nkhaniyi, boma linavomereza kuti Calas analibe mlandu. Ku England, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, milandu yoposa 200 inali ya chilango cha imfa, kuphatikizapo kuba nkhosa ndi kuba katundu wa masheleni asanu m'sitolo.

Kuzunza munthu kuti avomere mlandu kunali kololedwa m'maiko ambiri. Woweruza ankatanthauzira lamulo mmene wafunira. Wa kubanja lachifumu ndi mlimi, atapalamula mlandu umodzi, sankalandira chilango chofanana.

Beccaria anali mnyamata wa ku Milan wa zaka za m'ma 25, wa kubanja lolemera, wamanyazi, amene anzake, Pietro Verri ndi mng'ono wake Alessandro, ndiwo ankamulimbikitsa kulemba. Kabuku kake, Dei delitti e delle pene, kutanthauza za milandu ndi zilango, kanatuluka ku Livorno popanda dzina la wolemba chifukwa ankaopa. Mu 1766 Mpingo wa Katolika unakaika pamndandanda wa mabuku oletsedwa, koma pa nthawiyo kanali katamasuliridwa kale m'Chifalansa ndipo kankawerengedwa ponseponse.

Mfundo yake yoyambira ndi yosavuta. Munthu aliyense amafuna zomukomera ndipo amathawa zomupweteka. Akaona kuti phindu la kuba likuposa zowawa zimene angakumane nazo, amaba. Choncho wopalamula sali wosiyana ndi ife tonse. Ndi munthu wamba amene anawerengera n'kuona kuti apindula. Ntchito ya chilango, kwa Beccaria, ndi kusintha mawerengedwe amenewo, kuti iye ndi ena asadzabwereze. Chilango chopitirira pamenepo ndi nkhanza za boma.

Pamfundo imeneyi anamangapo zambiri zimene lero timaziona ngati zachidziwikire. Malamulo alembedwe, adziwike mlandu usanachitike, ndipo akhale m'chiyankhulo chimene anthu akumva. Iye ankadandaula za malamulo a m'Chilatini, koma Mmalawi aliyense amene anaimapo m'khoti n'kumadikira womasulira kuti amuuze zimene zikunenedwa za moyo wake akudziwa kulemera kwa dandaulo limeneli. Woweruza atsate lamulo, asapange lake. Wolemera ndi wosauka aweruzidwe mofanana. Munthu asatengedwe ngati wolakwa khoti lisanagamule. Za kuzunza, Beccaria anaonetsa kuti njirayi imayesa mphamvu za thupi m'malo moyesa choona: wolakwa wolimba amapirira n'kumasulidwa, wosalakwa wofooka amavomera n'kuphedwa. Anatsutsanso chilango cha imfa, pa nthawi imene pafupifupi aliyense ankachiona ngati chosapeweka.

Pali mfundo imodzi imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse m'kabukuko. Beccaria anati chimene chimaletsa anthu kupalamula kwenikweni ndi kudziwa kuti agwidwa ndithu, ndiponso kuti chilango chibwera msanga. Kukula kwa chilangocho kumabwera pambuyo. Chilango chochepa koma chosalephera chimaopsa kuposa chilango chachikulu chimene munthu akuyembekeza kuchizemba. Anaonanso kuti nkhanza zopitirira zimabweza zinthu m'mbuyo. Ngati wakuba ndi wakupha onse anyongedwa, wakuba aphanso mboni, popeza chilango chake sichiwonjezekera. Ku England zinkachitikadi kuti oweruza ndi mboni ankachita chisoni kupachika munthu chifukwa cha kanthu kakang'ono, ndiye ankangochepetsa mtengo wa katundu wobedwayo kapena kumumasula. Lamulo loopsa linkabala kusalangidwa.

Kafukufuku wa masiku ano, patatha zaka zoposa 250, wamuvomereza kwambiri pamenepa. Akatswiri monga Daniel Nagin a ku America, atasanthula zofufuza zambiri, apeza kuti mwayi wogwidwa ndiwo umaletsa upandu, pamene kuwonjezera zaka pachilango chimene ndi chachitali kale kumathandiza pang'ono. Mu 2012, bungwe la National Research Council la ku America linanena kuti kafukufuku amene analipo sangatiuze ngati chilango cha imfa chimachepetsa kuphana kapena ayi. Andale amakonda kulonjeza zilango zokhwima chifukwa kulemba nambala yaikulu m'lamulo sikulira ndalama. Kupatsa apolisi galimoto ndi mafuta, kusunga bwino umboni, kuzenga milandu msanga, zimenezo n'zodula. Ndipo pamene anthu atopa kuona wakuba amene anamupereka kupolisi akuyendanso m'mudzi mawa lake, ndi pamene amayamba kutenga lamulo m'manja mwawo, kumenya ndi kuwotcha anthu ongoganiziridwa. Chilango chachikulu chosadziwa kuti chigwera ndani ndi chimene Beccaria ankathawa.

Ku England, Jeremy Bentham anapititsa patsogolo maganizowa m'buku lake la mu 1789, ndipo anajambula ndende yozungulira, Panopticon, momwe mlonda mmodzi pakati akanatha kuona akaidi onse iwo osamuona. Mu 1786 dera la Tuscany ku Italy linathetsa chilango cha imfa. Mu 1791 France inalemba malamulo a milandu okhala ndi chilango chimodzi chokhazikika pa mlandu uliwonse.

Apa ndi pamene vuto linaonekera. Ngati woweruza ayang'ana mlandu wokha osayang'ana munthu, ndiye kuti mwana, wodwala misala, wanjala amene waba koyamba ndi mbava yozolowera onse alandire zofanana. Anthu anaona kuti chimenecho si chilungamo. Malamulo a France a mu 1810 anapatsa oweruza malire oyambira ndi othera, ndipo mu 1832 analola kuganizira zifukwa zochepetsera chilango. Ku England, mu 1843, Daniel M'Naghten anawombera mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel, khoti n'kumupeza wosalakwa chifukwa cha misala. Pamlanduwu panachokera malamulo oyezera misala amene anafalikira m'maiko olamulidwa ndi Britain. Malamulo athu a milandu, amene anayamba kugwira ntchito mu 1930 pansi pa atsamunda, ndi a mtundu umenewu: amatenga munthu ngati wosankha, koma amasiya mpata. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Ndipo mu 2007, pamlandu wa Kafantayeni, khoti lalikulu linagamula kuti kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pakupha, osamva kaye za moyo wake ndi mmene zinachitikira, n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Koma panali funso lina lalikulu limene a Beccaria sanaliyankhe. Mu 1827 France inayamba kufalitsa ziwerengero za milandu chaka ndi chaka. Katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, anaona kuti ziwerengerozo sizisintha kwenikweni, ndipo opalamula ambiri ndi amuna achinyamata. Ngati aliyense amasankha payekha mwaufulu, n'chifukwa chiyani anyamata a zaka za m'ma 20 amasankha kupalamula kuposa agogo awo? N'chifukwa chiyani m'ndende za dziko lonse lapansi akaidi oposa 9 mwa 10 alionse ndi amuna? Ndiponso woledzera amene wabaya mnzake pamowa, anawerengera liti phindu ndi chilango?

Chibade cha Villella

Lombroso anali dokotala, anagwirapo ntchito ya usilikali ndiponso m'zipatala za odwala misala. Iye mwini anafotokoza kuti nzeru yake inamutsegukira akuyang'ana chibade cha Giuseppe Villella, mkaidi wa ku Calabria kummwera kwa Italy, amene anafera ku Pavia mu 1864. Kumbuyo kwa chibadecho, m'kati, anapezamo kadzenje kamene iye anati kamapezeka mwa nyama zina. Pakadzenje kameneko anamangapo chiphunzitso chonse: chigawenga ndi munthu amene wabwerera m'mbuyo, wobadwa ndi thupi ndi mtima wa makolo akalekale amene anali asanatukuke.

M'buku lake, L'uomo delinquente, limene analikulitsa mpaka linasindikizidwa kasanu, anandandalika zizindikiro: nsagwada zazikulu, chipumi chopendekera kumbuyo, makutu aakulu otuluka, mikono yaitali, nkhope yosalingana mbali zake, kusamva kupweteka, ngakhale kukonda kudzilemba mphini ndi zithunzi pathupi. Wophunzira wake, Enrico Ferri, ndiye anabweretsa dzina loti chigawenga chobadwa nacho. Pamodzi ndi Raffaele Garofalo, anthuwa anapanga gulu lotchedwa Positivist. Iwo ankati siyani kukangana za ufulu wosankha, yezani munthuyo; chilango chigwirizane ndi kuopsa kwa munthu, osati kukula kwa mlandu wokha. Pambuyo pake Lombroso anachepetsa mawu ake, n'kunena kuti obadwa nacho ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo anavomereza kuti umphawi, mowa ndi malo okhala zimathandizira.

Tisabise: chiphunzitsochi chinali chodzaza ndi tsankho. Anthu "osatukuka" amene Lombroso ankawayerekeza ndi zigawenga anali anthu akuda, anthu a m'maiko amene Azungu ankawalanda, ndi amphawi a kummwera kwa Italy komwe. Villella, amene buku linamusandutsa chigawenga choopsa, ofufuza mbiri anadzapeza kuti anali waganyu wosauka womangidwa pa milandu ya kuba. Chibade chake chikadali m'nyumba yosungiramo zakale ya Lombroso ku Turin. Anthu akwawo ku Motta Santa Lucia anapita kukhoti kuti akachiike m'manda, koma mu 2019 khoti lalikulu la Italy linagamula kuti chikhale komweko.

Amene anamugwetsa anali dokotala wa ndende ku England, Charles Goring. Iye anachita chimene Lombroso sanachichite mokwanira: kuyerekeza. Anayeza akaidi pafupifupi 3,000 n'kuwafananiza ndi asilikali, ophunzira a ku Oxford ndi Cambridge ndi anthu ena, ndipo mu 1913 analengeza kuti palibe maonekedwe a thupi amene ndi a chigawenga. Komabe maganizowo sanafe. Mu 1939 Earnest Hooton wa ku Harvard anayeza akaidi oposa 13,000 n'kunena kuti ndi anthu otsika mwachibadwa. Mu 1949 William Sheldon, amene anali atagawa kale matupi m'magulu atatu, onenepa, amphamvu ndi owonda, ananena kuti anyamata a matupi amphamvu ndiwo amalowerera kwambiri, ngati kuti n'zodabwitsa kuti gulu la achifwamba limasankha mnyamata wamphamvu kuposa wofooka.

Cholakwika chachikulu m'kafukufuku yense wa mtundu umenewu n'choti amayeza anthu a m'ndende n'kumaganiza kuti wayeza opalamula onse. M'ndende mumakhala ogwidwa, osowa loya, olephera kulipira belo kapena chindapusa. Ngati akaidi a Goring anali aafupi ndi opepuka kuposa ophunzira a ku Oxford, chimene anayeza ndi njala ya paubwana wawo. Amene anaba ndalama za boma pa Cashgate mu 2013 anali ovala masuti, ophunzira, okhala m'maofesi. Palibe akanawazindikira poyeza makutu. Cholakwika chachiwiri n'choti mlandu ndi chimene lamulo lanena kuti ndi mlandu, ndipo malamulo amasintha. Kuyambira 1973 mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi uli pafupi kutha, mzimayi wovala buluku pagulu m'Malawi ankaphwanya lamulo. Palibe magazi amene anasintha tsiku limene lamulolo linachotsedwa. Ku New York anthu ophedwa anali 2,245 mu 1990, koma mu 2017 sanakwane 300. Chibadwa cha anthu sichisintha msanga chotero.

Zimene chiphunzitsochi chinabala n'zomvetsa chisoni. Ku America, mabuku onena za mabanja amene ankati upandu ndi uchitsiru zimayenda m'magazi mwawo anathandiza kubweretsa malamulo otseka anthu mokakamiza kuti asabereke, kuyambira ku Indiana mu 1907. Mu 1927 khoti lalikulu la dzikolo linavomereza zimenezi pamlandu wa Buck v. Bell, ndipo anthu oposa 60,000 anatsekedwa. Lamulo la ku Oklahoma linkati wopezeka wolakwa katatu atsekedwe, koma linapatula milandu ngati yoba ndalama za pantchito. Jack Skinner, amene mlandu wake woyamba unali kuba nkhuku, anatsutsa lamulolo, ndipo mu 1942 khoti linaona tsankho lake n'kulithetsa. Ku Germany, ulamuliro wa Nazi unatseka anthu pafupifupi 400,000. Ku India, ngakhale Lombroso asanalembe, atsamunda a Britain anali atakhazikitsa kale lamulo la mu 1871 lotchula mitundu yathunthu ya anthu kuti ndi yaupandu pobadwa. Mwana ankabadwa ali kale m'kaundula wa apolisi, mpaka 1952.

Kugwira munthu chifukwa cha maonekedwe ake si nkhani ya kutali. Mu 2015 apolisi ku Blantyre anagwira Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, akupita kumsika m'mbandakucha, pogwiritsa ntchito lamulo la atsamunda lokhudza oyendayenda popanda chifukwa. Mu 2017 khoti lalikulu linagamula kuti gawo limenelo la lamulo n'losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chigamulo chimenecho ndi cha mzimu wa Beccaria: munthu aimbidwe mlandu pa chimene wachita.

Ndiye thupi lilibe gawo?

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa n'kosavuta kutaya zonse pamodzi ndi Lombroso. Kunena kuti thupi lilibe gawo lililonse n'kunama. Munthu amaganiza ndi ubongo, ndipo ubongo ndi mnofu. Umavulala, umadwala, umakula bwino kapena moperewera.

Njira yoyamba yoyesera mwambi woti make mbuu mwana mbuu inali kufufuza mapasa. Ku Denmark, Karl Christiansen anatsata mapasa okwana mapeya 3,586. Pakati pa amuna, mmodzi akakhala ndi mbiri ya mlandu, mnzake analinso nayo pa mapeya 35 mwa 100 a mapasa ofanana ndendende, koma pa mapeya 13 okha mwa 100 a mapasa osafanana. Kusiyanaku n'koona, koma onaninso mbali inayo: pa mapasa ambiri ofanana ndendende, a chibadwa chimodzi, wina anapalamula wina ayi. Ndipo mapasa ofanana amaleredwa mofanana, amayendera limodzi, nthawi zina amapalamulira limodzi.

Ndiye ofufuza anatembenukira kwa ana oleredwa ndi anthu ena. Mu 1984 Sarnoff Mednick ndi anzake anafalitsa zotsatira za ana 14,427 a ku Denmark. Mwa anyamata amene makolo owabereka ndi owalera onse analibe mlandu, 13.5 mwa 100 anadzapezeka olakwa m'khoti. Owalera okha akakhala ndi mlandu, 14.7. Owabereka okha, 20. Onse awiri, 24.5. Kutengera kulipo ndithu. Koma kunaoneka pa milandu ya katundu, sikunaoneke pa milandu ya chiwawa. Ndipo ngakhale m'gulu loipitsitsalo, anyamata atatu mwa anayi alionse sanapezeke ndi mlandu. Aliyense wonena kuti mwana wa mbava ndi mbava aziyamba wawerenga nambala imeneyi.

Panalinso nkhani imene inasokoneza anthu kwa zaka. Mu 1965 Patricia Jacobs anapeza kuti mwa amuna 197 osungidwa pachipatala cha chitetezo cha Carstairs ku Scotland, 7 anali ndi chromosome (kachinthu ka m'thupi konyamula chibadwa) ya Y yowonjezera, XYY m'malo mwa XY imene amuna ambiri amakhala nayo. Nyuzipepala zinalengeza kuti kwapezeka chizindikiro cha wakupha. Kafukufuku wamkulu wa ku Denmark mu 1976 anaonetsa kuti amunawa sali achiwawa kuposa ena. Mwana wamwamuna mmodzi mwa pafupifupi 1,000 amabadwa choncho, ndipo ambiri amakhala moyo wawo wonse osadziwa.

Kafukufuku amene anasintha kaganizidwe ka ambiri anachokera ku Dunedin, New Zealand, kumene akhala akutsata anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973. Mu 2002 Avshalom Caspi, Terrie Moffitt ndi anzawo anayang'ana gene (kachigawo ka chibadwa kamene munthu amatengera kwa makolo) yotchedwa MAOA, imene imathandiza kuphwanya timadzi tina totumiza mauthenga mu ubongo. Amuna ena ali ndi mtundu wake wogwira ntchito mofooka. Paokha, amunawa sanali achiwawa kuposa anzawo. Koma amene anali ndi mtundu wofookawo ndiponso anazunzidwa ali ana, ngakhale anali 12 okha mwa amuna 100 alionse a m'gululo, ndiwo anali ndi milandu 44 mwa 100 ya chiwawa imene makhoti anagamula. Gene yomweyo, mwa mwana woleredwa mwachikondi, inangokhala chete. Zofufuza zotsatira zina zinagwirizana nazo, zina ayi, ndipo lero akatswiri amati khalidwe limakhudzidwa ndi ma gene ambirimbiri, lililonse pang'ono chabe. Mtundu wofooka wa MAOA uli mwa pafupifupi mwamuna mmodzi mwa atatu a ku Ulaya, choncho sungakhale chizindikiro cha chigawenga. Ngakhale zili choncho, mu 2006 ena anautcha gene ya ankhondo n'kuugwiritsa ntchito ponyoza a Maori, eni nthaka a ku New Zealand. Mzimu wa Lombroso suchedwa kudzuka.

Za ubongo wovulala pali umboni woonekeratu. Mu 1848 ku Vermont ku America, chitsulo chinaboola mutu wa Phineas Gage, kapitawo wa ntchito ya njanji, n'kuwononga mbali yakutsogolo ya ubongo. Anachira, koma dokotala wake analemba kuti munthu wodekha uja anasanduka wosaugwira mtima. Mu 2003 madokotala a ku Virginia anafotokoza za bambo wina amene mwadzidzidzi anayamba khalidwe lonyansa kwa ana. Anamupeza ndi chotupa kutsogolo kwa ubongo, atachichotsa khalidwelo linatha, chitameranso linabwerera. Mbali yakutsogoloyi ndi imene imagwira munthu kuti asachite zinthu mopupuluma, ndipo imamaliza kukhwima munthu ali m'zaka za m'ma 20. Limenelo ndi gawo la yankho pa funso la Quetelet lija. Ndi chimodzinso mwa zifukwa zimene zinaperekedwa pamene khoti lalikulu la America linaletsa, mu 2005, kupha anthu amene anapalamula asanakwane zaka 18.

M'khoti, umboni wa thupi ndi wovuta kuugwira chifukwa umatha kugwiritsidwa ntchito mbali zonse ziwiri. Mu 2009 khoti la ku Trieste ku Italy linachotsera wakupha wina chaka chimodzi pachilango chake poganizira, mwa zina, ma gene ake. Koma umboni womwewo woweruza wina angaumve kuti munthuyu sadzasintha, atsekeredwe mpaka kalekale, kapena agwidwe asanachite kanthu. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti pabwalo la milandu Beccaria ndiye ayenera kutsogolera. Boma lilange chimene munthu wachita, ndi umboni, mwa muyezo, ndipo za thupi zilowe pochepetsa chilango kapena popezera munthu chithandizo, zisalowe pomuweruza mlandu umene sanapalamule.

Malo enieni a nzeru za thupi ndi kusikelo, kumunda ndi kusukulu ya mkaka. Pakuti mukaona bwino zimene zimawononga ubongo wa mwana, zambiri si zobadwa nazo. Ndi zimene zimachitikira thupi litabadwa kapena lili m'mimba. Mowa umene mayi woyembekezera amamwa. Kumenyedwa m'mutu. Mtovu, umene kafukufuku wa ku Cincinnati ku America wa mu 2008 anaonetsa kuti ana amene anali nawo wambiri m'magazi anadzamangidwa kawirikawiri atakula. Ndipo tikudziwa kuti ku Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, ana akusewerabe m'dothi la poizoni. Njala: anyamata amene amayi awo anali ndi pakati poyambirira pa nthawi ya njala yoopsa ya ku Netherlands ya 1944 ndi 1945 anapezeka kawirikawiri ndi vuto la khalidwe losalabadira ena atafika msinkhu wolowa usilikali.

Izi sizikutanthauza kuti mwana wonyentchera ndi chigawenga cha mawa. Kunena zimenezo kungakhale kubwereza tchimo la Lombroso pa ana athu, m'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ali opinimbira. Ambiri a iwo amakula kukhala anthu olungama. Chimene chikunenedwa n'choti chiopsezo chimakwera, ndipo chimatha kutsitsidwa. M'mera mpoyamba.

Umboni wake unachokera pachilumba cha Mauritius. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ofufuza anayamba kutsata ana 1,795 a zaka zitatu a m'matauni a Quatre Bornes ndi Vacoas. Amene anali ndi zizindikiro za kuperewera kwa zakudya ali ndi zaka zitatu anadzakhala aukali ndi ovuta kuposa anzawo pa zaka 8, 11 ndi 17. Koma ena mwa anawo anaikidwa m'sukulu ziwiri za mkaka zokonzedwa mwapadera kwa zaka ziwiri, momwe ankadya bwino, nsomba zili pomwepo, ankachita masewera olimbitsa thupi ndi kuphunzitsidwa ndi aphunzitsi okonzekera bwino. Adrian Raine ndi anzake atawatsata 83 mwa iwo n'kuwayerekeza ndi anzawo 355 ofanana nawo, anapeza kuti pa zaka 17 anali ndi mavuto ochepa a khalidwe, ndipo pa zaka 23 milandu imene iwo eni anaulula kuti anapalamula inali yotsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa zaka 17 paja, amene anapindula kwambiri anali ana omwe aja amene analowa m'sukuluzo ali onyentchera.